Thanki yanga akuti ndi ya malita 200, koma madzi enieni m'katimo ndi angati?

Kamtsinje
Moni nonse. Ndili ndi thanki yagalasi yosungiramo tinsomba ta m'nyumba. Ogulitsa anati ndi ya malita 200, ndipo nditayeza ndi tepi ndinapeza masentimita 100 mulitali, 40 mulifupi, ndi 50 kupita m'mwamba. Sabata yatha nsomba zinatuluka timadontho toyera pakhungu ngati zawazidwa mchere, ndiye ndinagula mankhwala. Pabotolo analemba mlingo wa pa malita 10 aliwonse, ine n'kuthira wa malita 200. Kutacha ndinapeza zitatu zili chagada pansi, zotsalazo zikupumira pamwamba movutika. Zandipweteka kwambiri, imodzi ndinakhala nayo zaka ziwiri. Mnzanga akuti ndinapyoza mlingo chifukwa m'thankimo muli miyala ndi timiyala ta pansi, madzi sangakwane 200. Ndingadziwe bwanji madzi enieni popanda kukhuthula zonse?

Namondwe
Pepani kwambiri achemwali. Masamuwa adikire kaye, chotsani theka la madziwo lero lomwe, muthiremo atsopano amene mwachotsa kale klorini, ndipo kapampu ka mpweya kazigwira usiku wonse.

Kamtsinje
Ndachita zimenezo m'mawa uno a Namondwe. Zotsalazo zayamba kusambira bwinoko.

Wamasamu
Mnzanuyo akunena zoona. Nambala ya 200 inachokera pa 100 kuchulukitsa ndi 40 kuchulukitsa ndi 50, zomwe ndi 200,000, kenako kugawa ndi 1,000 chifukwa lita imodzi ndi kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse. Masamuwo ndi olondola, koma ayeza bokosi lonse kuchokera kunja, galasi lomwe, ngati kuti madzi afika pamlomo penipeni. Palibe amene amadzaza choncho.

Mundiyankhe zitatu izi. Galasilo ndi lokhuthala bwanji? Kuchokera pagalasi la pansi, pansi pa timiyalato, kufika pamene palekezera madzi ndi masentimita angati? Ndipo timiyalato tayalidwa kufika pati?

Kamtsinje
Galasi ndi sentimita imodzi. Madzi amafika pa 45. Timiyala ndi 5, pena kupitirira pang'ono. Mulinso miyala ikuluikulu isanu ndi umodzi ndi kachipika ka mtengo.

Wamasamu
Chabwino. Galasi lili mbali zonse ziwiri, ndiye m'kati muli 98 ndi 38. Chulukitsani: 3,724. Nambala imeneyi muilembe papepala mumate pathankipo, chifukwa ndiyo idzakuthandizani masiku onse. Ikutanthauza kuti sentimita iliyonse imene madzi akwera kapena kutsika ndi malita 3.7. Chulukitsani 3,724 ndi 45, mupeza malita 167 ndi theka. Taonani, tisanakhudze n'komwe mwala, malita opitirira 30 apita kale.

Za miyala n'zosavuta. Matani kachidutswa ka selotepi pagalasi pamene palekezera madzi. Vuulani miyala yonse, iliyonse muidikire idonthere m'thanki momwemo, kenako yezani ndi rula mmene madzi atsikira. Masentimita amenewo kuchulukitsa ndi 3.7, amenewo ndiwo malita amene miyala inalanda malo ake. Mwala ukhale wokhotakhota bwanji, madzi amauyeza okha.

Tsinde
Bwanji kudzivutitsa chonchi? Ingoikani miyalayo pasikelo. Kilogalamu imodzi ndi lita imodzi, tonse tinaphunzira zimenezi. Ikalemera makilogalamu 25 ndiye kuti yachotsa malita 25, basi.

Namondwe
Ayi a Tsinde, zimenezo ndi za madzi okha. Mwala wa kilogalamu imodzi mungaufanizire ndi botolo la lita? Suja umakwana m'manja?

Tsinde
Nanga lamulo la Archimedes limati chiyani? Silimati chinthu chimasuntha madzi olemera ngati icho?

Wamasamu
A Tsinde, mwagwira theka la lamulolo, ndipo theka limene mwagwiralo ndi loona. Chinthu choyandama chimasuntha madzi olemera mofanana ndi icho. Bwato la makilogalamu 100 limazama mpaka litakankha malita 100, n'kuima pomwepo. Koma chinthu chomira chimasuntha madzi ofanana ndi kukula kwake, kulemera kwake kulibe nazo ntchito. Chimamira chifukwa chomwecho: ngakhale chonse chitalowa m'madzi, madzi amene chakankha safika pa kulemera kwake.

Sikelo itha kuthandizabe, bola mugawe. Miyala yolimba yambiri imalemera kuwirikiza madzi pafupifupi ka 2.6 kapena 2.7. Ndiye makilogalamu 25 anuwo kugawa ndi 2.65 ndi malita 9 ndi theka, osati 25. Chitsulo chimawirikiza pafupifupi ka 7.8, choncho makilogalamu 25 a chitsulo angosuntha malita atatu ndi pang'ono.

Tsinde
Ndamva. Ndinasakaniza ziwirizi.

Nyenyezi_16
Zikomo akuluakulu, ndilowererepo. Aphunzitsi anatipatsa funso lomwe latigawanitsa m'kalasi. Munthu ali m'bwato padziwe laling'ono, m'bwatomo muli chimwala. Akachiponya m'madzi, madzi a padziwelo akwera, atsika, kapena akhala pomwepo? Ine ndikuti akwera, poti mwala walowa m'madzi.

Mpopi
Akhala pomwepo. Mwalawo unali padziwe kale, wangosintha pokhala.

Namondwe
Atsika.

Nyenyezi_16
Atsika bwanji mwala utalowamo? Zimenezo ndiye sindikuzimvetsa.

Wamasamu
A Namondwe alondola. Tenga mwala wa kilogalamu imodzi. Uli m'bwato, ukuyandama limodzi ndi bwatolo, ndiye ukukankha lita yathunthu, chifukwa bwato lazama moonjezera kuti liunyamule. Ukauponya, bwato lipepukidwa n'kukwera, lita ija ibwerera. Mwala uja wagona pansi ukungokankha madzi a kukula kwake, osakwana n'komwe theka la lita. Lita yabwezedwa, chatengedwa n'chosakwana theka, ndiye madzi atsika.

Usandikhulupirire ine, mwanawe. Thira madzi m'ndowa, yandamitsa kambale, ikamo mwala wolemera ndithu koma woti kambaleko kasamire. Lemba pamene pafika madzi. Chotsa mwalawo uumize pansi, kambale kakhalebe pamwamba. Ukabwere udzatiuze.

Mpopi
Ndavomera, ndinafulumira. Koma poti tili pa nkhani ya mathanki, ine ntchito yanga ndi yoika mathanki a madzi a pakhomo, ozungulira aja, ndipo vuto la a Kamtsinje ndimakumana nalo kawirikawiri. Munthu amagula thanki ya malita 5,000 n'kumadabwa kuti madzi akutha msanga.

Yozungulira imayezedwa chonchi. Zungulizani chingwe pamimba pake, muyeze chingwecho. Tinene kuti chakwana masentimita 565. Gawani ndi 3.14, mupeza 180, umenewo ndiwo mtunda wodutsa pakati. Theka lake ndi 90. Ndiye 90 kuchulukitsa ndi 90 kuchulukitsa ndi 3.14, zikupatsani 25,434, kutanthauza malita 25 ndi pang'ono pa sentimita iliyonse. Kuti mukwane 5,000 madzi afike pafupifupi mamita awiri. Koma paipi yotulutsira siikhala pansi penipeni. Ikakhala masentimita 10 kuchokera pansi, malita 250 amangokhala m'menemo, pampopi sadzafika. Pamwamba napo pali paipi yosefukira, ndiponso kampira kotseka madzi kamatseka asanafike pamenepo. Mukachotsa zonsezi, amene mumagwiritsadi ntchito ndi ochepa kuposa olembedwa pathankipo.

Cholakwa chimene ndimaona kwambiri n'choti anthu amaiwala kutenga theka, amachulukitsa 180 ndi 180. Yankho limatuluka lowirikiza kanayi.

Mai_wa_atatu
A Mpopi, mwafika pa nthawi yake. Ife tili ndi mgolo wa malita 200 umene tinaugoneka cham'mbali pa njerwa, tinaika kampopi kumapeto. Bambo a kunyumba anadula kamtengo n'kukagawa zigawo zinayi zofanana, akuti chigawo chilichonse ndi malita 50. Koma madzi akafika pa mzere wotsiriza sachedwa kutha, sindimatungamo ndowa ziwiri zodzaza bwino za malita 20 n'kutsalako kanthu. Ndimaganiza kuti mwina ukudontha.

Mpopi
Sukudontha amayi. Mgolo ukaimirira, kamtengo kogawa mofanana kamanena zoona chifukwa m'lifupi mwake ndi chimodzimodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ukagona, pansi pamakhala popanikizika ngati bwato, pakati potakasuka, pamwamba popanikizikanso. Mzere wapakati wokha ndiwo woona, malita 100. Pa mzere wapansiwo pamatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, malita 39 kapena 40, osati 50. Wapamwambawo ndi pafupifupi 160. Chotsaniponso otsalira kunsi kwa kampopi.

Masamu ake ndi ovuta, ine sindilimbana nawo. Ukatha madzi, thiranimo ndowa imodzi imodzi, ndowa iliyonse muviike kamtengo n'kulemba mzere pamene panyowa. Mizereyo idzatalikirana pansi ndi pamwamba, pakati idzathithikana.

Mai_wa_atatu
Zikomo kwambiri, mtima wakhala pansi. Tichita zimenezo ukatha.

Kamtsinje
Pepani, tibwerere kwa ine pang'ono. Za miyala ndamva. Nanga timiyala ta pansi? Sindingatichotse, muli mizu ya zomera.

Tsinde
Apa ndiye n'zophweka. Masentimita 5 kuchulukitsa ndi 3.7, malita 18 ndi theka. Chotsani amenewo.

Wamasamu
Osati onse. Pakati pa timiyalato pali mipata, ndipo m'mipatamo muli madzi. Nthawi zambiri imakhala gawo limodzi mwa atatu kapena kupitirirako, kutengera kukula ndi maumbidwe a timiyalato. Ngati muli ndi totsala touma, dzazani jagi yoyezera mpaka pa lita imodzi, kenako thiranimo madzi pang'onopang'ono kuchokera m'kapu ina yoyezera mpaka aonekere pamwamba pa timiyalato. Madzi amene alowawo ndiwo mipata ya pa lita iliyonse.

Namondwe
Pamenepa ine ndisiyana nanu a Wamasamu. Pa masamu mukulondola, koma funso la achemwaliwa ndi la mankhwala. Madzi a m'kati mwa timiyala sayendayenda, mankhwala amalowamo mochedwa. Maola oyambawo, pamene mankhwala ali ndi mphamvu zonse, nsomba zimakhala zikusambira m'madzi a pamwambawo basi. Ine ndimatsata a Tsinde, ndimachotsa zonse. Kuperewera pang'ono ungathe kuonjezera mawa, koma ukapyoza sungabweze.

Wamasamu
Mfundo yanu ndaimva ndipo sindikuikana. Chimene ndikuopa n'choti munthu akazolowera kuchotsa apa n'kuchotsa apo, mapeto ake amathira mankhwala ofooka, tizilombo osafa, matenda n'kubwereranso pakatha sabata. Kusiyana kwa njira ziwirizi pathanki iyi ndi malita asanu ndi awiri okha. Chimene chinavulaza nsomba ndi malita pafupifupi 50 amene anawerengeredwa pa 200 paja koma m'thankimo mulibe.

Chiswamphika
Ine ndikukayika ngati mlingo wokha ndiwo unapha. A Kamtsinje, zimene zinafazo zinali zamtundu wanji? Nsomba zopanda mamba zimavutika kwambiri ndi ena mwa mankhwala amenewa, makamaka okhala ndi kopa kapena obiriwira aja, ndipo mabotolo ena amalemba kuti kwa izo muthire theka. Komanso ngati munakweza kutentha kwa madzi, dziwani kuti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, ndipo matendawa amagwiranso makha opumira. Zinthu zitatu pamodzi zimenezo.

Kamtsinje
Ziwiri mwa zitatuzo zinali zandevu zija zimakonda kukhala pansi. Ndipo inde, ndinakweza kutentha. Mwina zonse zinakumana.

Chiswamphika
Muonenso ngati botololo lalemba malita kapena magaloni. Galoni ya ku America ndi malita 3.8, ya ku Britain ndi malita 4.5. Ine ndinasokonezapo zimenezi kale, ndinataya nsomba zisanu tsiku limodzi.

Kamtsinje
Langa ndi la malita, ndayang'ananso.

Nyenyezi_16
Ndayesa! Atsikadi, koma pang'ono kwambiri, mwina mamilimita atatu kapena anayi. Ndinachita kubwereza katatu kuti nditsimikize. Ndiye Archimedes uja anaona bwanji kusiyana ndi chisoti chachifumu chokha?

Wamasamu
Funso limenelo linavutitsanso anthu akuluakulu. Archimedes anali wa ku Syracuse pachilumba cha Sicily, anaphedwa mu 212 BC pamene Aroma analanda mzindawo. Nkhani ya chisoti cha mfumu Hiero, yoti Archimedes akusamba anatulukira njira yodziwira ngati mmisiri anasakaniza siliva m'golide wa chisoticho, n'kuthamanga akufuula, inalembedwa ndi Vitruvius patapita zaka pafupifupi 200, ndipo m'zolemba za mwiniwake zimene zilipo mulibemo.

Tawerengera wekha. Golide amalemera kuwirikiza madzi ka 19.3, siliva ka 10.5. Chisoti cha kilogalamu imodzi cha golide yekhayekha chingasunthe mamililita 52. Mmisiri ataba magalamu 300 n'kuikamo siliva, chingasunthe 65. Kusiyana kwake ndi mamililita 13, osakwana supuni yaikulu. M'chiwiya chotakasuka masentimita 20, choti chisoti n'kulowamo, madzi angasiyane ndi mlingo wosakwana theka la milimita. Diso silingaone zimenezo bwinobwino. Galileo anakayikira nkhaniyi, ndipo mu 1586 analemba kuti mwina Archimedes anagwiritsa ntchito sikelo ya mikono iwiri: chisoti uku, golide wolemera mofanana uku, n'kumiza zonse m'madzi. Chachikulucho chimakankhidwira m'mwamba kwambiri, sikelo n'kupendekeka.

A Kamtsinje, izi zikukukhudzaninso. M'thanki mwanu milimita imodzi ndi mamililita 370. Vuulani miyala yonse nthawi imodzi, musayeze umodziumodzi, ndipo poyang'ana mzere diso likhale molingana ndi madzi. Kanthu kakang'ono kayezereni m'chiwiya chopapatiza.

Tsinde
Nanga kachipika kaja? Mtengo umayandama, ndiye pamenepo lamulo langa lija ligwira.

Kamtsinje
Poyamba kankayandama, ndinachita kukatsindira ndi mwala. Pano kanamwa madzi, kamakhala pansi kokha.

Namondwe
Ndiye kawerengedwe ngati mwala. Kavuuleni padera muone.

Mpopi
Chinanso achemwali, thankiyo mwaiika pa chiyani? Madzi okha ndi makilogalamu pafupifupi 150. Onjezani miyala, timiyala, ndi galasi la sentimita imodzi lomwe palokha lingapitirire makilogalamu 40. Mukuyandikira 250. Ndinaonapo nsanja ya thanki ya malita 5,000 itapindika miyendo chifukwa woimanga sanaganize kuti akusenzetsa matani asanu. Zitsulo zinali zopyapyala, mvula itafewetsa nthaka mwendo umodzi unalowa pansi, thanki yonse n'kugwera pakhoma. Mwamwayi panalibe munthu pafupi.

Kamtsinje
Ili pa tebulo lachitsulo lopangira zomwezo, lili ndi miyendo isanu ndi umodzi. Koma ndiyang'ananso ngati lili lowongoka.

Chiswamphika
Madziwo akuuzani okha. Yezani kuchokera pamlomo kufika pamadzi pa ngodya zonse zinayi. Zikasiyana, thanki yapendekeka, ndipo 45 wanu uja ndi wa mbali imodzi.

Kamtsinje
Ndabwera ndi zotsatira. Ngodya zonse zikufanana, kusiyana kwake sikukwana mamilimita awiri. Nditavuula miyala isanu ndi umodzi ija madzi anatsika masentimita awiri ndi theka, ndiye malita 9.3. Ndinaiikanso pasikelo chifukwa cha a Tsinde, inalemera makilogalamu 25 kuchotsapo pang'ono, ndipo nditagawa ndi 2.65 zinagwirizana. Kachipika kanatsitsa mamilimita atatu, tingoti lita imodzi. M'jagi ya timiyala munalowa mamililita 380, ndiye pa malita 18 ndi theka aja, timiyala tenitenito ndi 11 ndi theka, otsalawo ndi madzi.

Ndikatsata a Wamasamu ndikupeza malita 146. Ndikatsata a Namondwe, 139. Ine ndinathira mankhwala a 200. Nditaona nambalayi ndinakhala kaye pansi, chifukwa ndinapyoza ndi gawo limodzi mwa atatu n'kupitirirako, pa nsomba zoti mwina zimafunika theka.

Namondwe
Musadziimbe mlandu kwambiri, ambiri tinadutsa momwemo. Zotsalazo zili bwanji?

Kamtsinje
Zikudya. Timadontho tachepa koma sitinathe. Ndayambiranso mankhwala dzulo powerengera malita 140, ndipo poti yandevu imodzi idakalipo ndayamba ndi theka monga ananenera a Chiswamphika. Ndamatanso selotepi ina masentimita 9 ndi theka kunsi kwa yoyamba ija, kuti ndikamasintha madzi ndizidziwa kuti ndachotsa malita 35.

Wamasamu
Chongoonjezera: 3.7 uja ndi woona pamene pali madzi okhaokha. Ngati nsonga za miyala zikufika m'kati mwa masentimita 9 ndi thekawo, otulukawo achepako pang'ono. Ulendo woyamba muwalandirire m'ndowa yoyezera, mzerewo muusunthe ngati pakufunika.

Kamtsinje
Mwala umodzi wokha ndiwo umafika pamenepo. Ndiyeza Loweruka posintha madzi.